Kodi mwamuna wa mitala angabise tsankho kumbuyo kwa mtima?

Mayi wina wa ku Machinga wanditumizira imelo yodandaula kuti chikwatirireni mkazi wachiwiri miyezi 3 yapitayo, amuna awo amagona kwa wamng'onoyo masiku 5 pa sabata, ndipo akawafunsa amayankha kuti Qur'an yomwe inanena kuti palibe mwamuna angathe kuchita chilungamo pakati pa akazi ake. Mayiwo akufuna kudziwa ngati zilidi choncho.

Mayi, ndime imene bambowo akutchula ilipodi, ndi ya 129 m'Sura ya An-Nisa, koma aidula pakati, chifukwa ndime yomweyo imapitiriza kuletsa mwamuna kupendekera kotheratu mbali imodzi n'kusiya mkazi winayo ali lende, wokwatiwa ayi, wosudzulidwa ayi. Mashehe akuluakulu a malamulo anafotokoza kuti chimene munthu sangathe kugawa mofanana ndi chikondi cha mumtima basi. Zimene zili m'manja mwake ayenera kuzigawa mwachilungamo, ndipo n'chifukwa chake ndime 3 ya Sura yomweyo, imene imalola akazi mpaka 4, imauza woopa kulephera chilungamo kuti akwatire mmodzi.

Masiku ogona ali m'manja mwake. Mkazi watsopano amapatsidwa masiku 7 otsatizana ngati ndi namwali, kapena 3 ngati anakwatiwapo kale, kenako kusinthana kumayambiranso mofanana. Kugawaku kumawerengedwa usiku, koma mlonda wogwira ntchito usiku amawerengera masana, ndipo mkazi amene akudwala kapena ali kumwezi sataya tsiku lake. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ankachita maere pofuna kusankha mkazi wopita naye paulendo, ndipo pa matenda ake omaliza anayamba wapempha akazi ake onse asanakagonere m'nyumba ya mkazi wake Aisha. Sawda, mkazi wina wa Mtumikiyo, anaperekadi tsiku lake kwa Aisha, koma mwa kufuna kwake, osati molandidwa. Hadisi (mawu a Mtumiki) yopezeka m'buku la Abu Dawud imanena kuti wokondera mkazi mmodzi adzafika pa Tsiku la Chiweruzo mbali imodzi ya thupi lake itapendekera.

Pa nkhani ya chakudya ndi zovala musayembekezere kuti matumba a chimanga azifanana ndendende, pakuti nyumba ya ana 5 singalandire ngati ya munthu mmodzi. Chofunika n'chakuti aliyense apeze zomukwanira.

Chimene ndikufuna muchigwire bwino n'chakuti m'chiphunzitso cha Imam Shafi'i, shehe wamkulu wakale wa malamulo a Chisilamu, chimene Asilamu ambiri kwathu kuno amatsata, masiku amene mwalandidwa ndi ngongole yofunika kubwezedwa. Choncho yambani kuchonga pa kalendala usiku uliwonse umene bambowo agona kwanu, ndipo mwezi ukatha muitane ankhoswe pamodzi ndi shehe amene anamanga ukwati wanu, muwaonetse kalendalayo.