Stayman ndi wa ntchito yanji pomwe 3NT ikufuna ma trick ochepa?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti iye ndi mnzake amene amasewera naye bridge, masewera a makadi a anthu anayi awiriawiri, anagwirizana zoti azigwiritsa ntchito Stayman, njira yofunsana za makadi asanayambe kuponya, koma mtima wake sukuvomereza. Funso lake ndi ili: "Mnzanga akatsegula 1NT, ine ndili ndi mapointi okwanira game, ndivutikirenji kunena 2♣? Pa 3NT tikufuna ma trick 9, pa 4♠ tikufuna 10. Bwanji osangonena 3NT basi, adani asamve kanthu?"

Zikomo kwambiri pondilembera. Funso lanu ndi lanzeru, ndipo alipo manja ena amene mukunena zoona, ndifikako. Koma pa manja ambiri trick ya nambala 10 ija simuikhetsera thukuta, amakupatsani ndi ma trump, ndiponso ma trump omwewo amatseka mtundu wa makadi umene pa no trump ukanakhala pululu.

Ndifotokoze pang'ono chifukwa cha ena amene angoyamba kumene. Trick ndi ulendo umodzi woponya, aliyense khadi limodzi; trump ndi mtundu umene umadula mitundu ina; NT ndi no trump, kusewera popanda trump; ndipo game ndi lonjezo la malipiro aakulu monga 3NT kapena 4♠. Kwa osewera ambiri masiku ano 1NT imanena mapointi 15 mpaka 17, powerengera ace 4, king 3, queen 2 ndi jack 1, komanso makadi ogawika bwino m'mitundu yonse inayi. Za ma heart kapena ma spade wotsegulayo sananenepo kanthu. Ndiye 2♣ yanu sikukamba za ma club, ndi funso: kodi muli ndi ma heart kapena ma spade anayi? Akayankha 2♦ ndiye kuti alibe. 2♥ ndi ma heart anayi, mwinanso ndi ma spade anayi pambali. 2♠ ndi ma spade anayi opanda ma heart anayi. Dzina la njirayi ndi la Sam Stayman chifukwa ndi amene anailemba m'magazini ya The Bridge World mu 1945, koma ganizolo linali la mnzake wosewera naye, George Rapée, ndipo ku Britain Jack Marx anali ataitulukiranso payekha.

Tiyale makadi patebulo. Mnzanu, amene watsegula, ali ndi awa:

♠ A K 7 4   ♥ K 6 2   ♦ A Q 5 3   ♣ 8 6

Inu muli ndi awa:

♠ Q J 6 3   ♥ A 5   ♦ K 8 4 2   ♣ 7 4 3

Iye 16, inu 10, pamodzi 26. Mukanena 3NT monga mukufunira, mnzanu aona ma trick 9 ali chile: ma spade anayi, ma heart awiri, ma diamond atatu. Vuto ndi lakuti woyamba kuponya si iyeyo. Adani ali ndi ma club 8, akuluakulu onse ali kwawo, ndipo akangoyamba ndi club mulibe choimitsira. Makadi 8 amagawika 4 ndi 4 pafupifupi 33 peresenti yokha. Nthawi zina zonsezo mmodzi amakhala ndi asanu kapena kuposa, ndipo amadya ma trick asanu mnzanu asanagwire n'kamodzi komwe. Ma ace ndi ma king aja amangowayang'ana m'manja, kenaka n'kuyamba kutaya makadi abwino pa ma club a eni ake.

Pa makadi omwewa Stayman amayenda chonchi: 1NT, 2♣, 2♠, 4♠. Adani adya ma club awiri, yachitatu mnzanu adula ndi ♠4. Kudula kumeneko ndiye trick imene pa no trump kulibe. Ma spade anayi kuno ndi anayi uko pa no trump amabala ma trick anayi basi, koma akakhala ma trump amabala asanu, nthawi zina 6. N'chifukwa chake osewera amalimbikira kufunafuna 4 ndi 4, ndipo popanda kufunsa simungaipeze, pakuti palibe mwa awirinu amene ali ndi mtundu wautali woti n'kuutchula yekha.

Apa ndiye ndikufuna tichedwepo, chifukwa kufika pa 4♠ sikuti nkhani yatha. Ambiri amene amadana ndi 4 ndi 4 amadana nayo chifukwa inawagwetsa, ndipo inawagwetsa posewera. Khalani pa mpando wa mnzanu. Mwadula club yachitatu, m'manja mwatsala A K 7, pa makadi anu aja, amene tsopano ayalidwa patebulo, pali Q J 6 3. Maso amathamangira ku ma heart: ace, king, yachitatu n'kudula patebulo. Zikuoneka ngati phindu laulere. Dikirani kaye, werengani. Kudula kuja ndi trick imodzi, ma trump anayi a patebulo ndi ma trick anayi, ma heart awiri, ma diamond atatu. Zakwana kale 10. Chimene chingakulandeni ndi chimodzi: adani ali ndi ma trump asanu, ndipo ngakhale amagawika 3 ndi 2 pafupifupi 68 peresenti, pafupifupi 28 peresenti mmodzi amakhala ndi anayi.

Ndiye ponyani ♠A, kenaka ♠K, maso ali pa makadi a adani. Onse akatsatira kawiri, ♠7 ipite kwa queen, ma trump awo atha, ndipo ma diamond akagawika bwino mupata 11. Koma wina akalephera kutsatira ulendo wachiwiri, palibe chodandaula: ♠7 kwa queen, jack ichotse trump yawo yomaliza, inu mutaye ♥2 m'manja, kenaka mudye ma heart awiri ndi ma diamond atatu. Ma trick 10 ndithu. Tsopano ganizani mukanathamangira kudula heart ija. Mukanatsala ndi ma trump atatu kuno, atatu uko, mdani ali ndi anayi. Trump yake yomaliza ikanadula diamond yanu, iye n'kuyamba kudya ma club kapena ma heart otsala inu mulibe chodulira, pokhapokha mwamwayi akanakhala ndi ma diamond atatu oti atsatire. Pa 4 ndi 4 dulani mbali imodzi yokha, mbali inayo isunge ma trump ake onse anayi mpaka mutaona m'mene a adani agawikira. Mbali yodulayo nthawi zina mumasankha nokha, nthawi zina amakusankhirani ndi adani monga zachitikira pano, koma ikangosankhidwa musaisinthe mwachisawawa. Ine ndimaona kuti osewera atsopano akanathera nthawi yambiri pa zimenezi kusiyana ndi kuloweza njira zatsopano za bidding, akanapita patali msanga.

Tsopano kumene mukunena zoona. Mukakhala ndi makadi ogawika 4, 3, 3, 3, mulibe mtundu waufupi woti mudulemo. Mnzanu akakhalanso chimodzimodzi, ma spade ndi no trump zipereka ma trick ofanana, ndipo 9 ndi osavuta kuposa 10. Pamenepo ine ndimanena 3NT osafunsa. Chimodzimodzinso pamene mapointi anu pamodzi akuyandikira 29 kapena 30 ndipo mtundu uliwonse muli ndi choimitsira: 3NT siingagwe chifukwa ma trump agawika moipa, pomwe 4♠ ikhoza. Pa mpikisano wa matchpoints, pomwe amakuyerekezani ndi matebulo ena amene asewera makadi omwewo, palinso nkhani ya mawerengedwe. Musali vulnerable, ndiko kuti pamene malipiro ndi chilango zili zocheperako, 4♠ imalipira 420, 3NT imalipira 400, koma 3NT ya ma trick 10 imalipira 430, ndipo kusiyana kwa 10 pakati pa 430 ndi 420 kumakukwezani kuposa matebulo onse amene asewera ma spade n'kupata ma trick 10.

Za kuulula chinsinsi mwanenanso bwino. Mnzanu akayankha 2♦, adani amva kuti alibe ma heart kapena ma spade anayi, ndipo woyamba kuponya asankha mosavuta. Komanso mdani amene amayankhula pambuyo panu akhoza kunena double pa 2♣ yanu kuti auze mnzake ayambe ndi club. Mtengo umenewo ulipo, n'chifukwa chake Stayman safunsidwa mwachizolowezi. Funsani muli ndi ma heart kapena ma spade anayi enieni, mapointi osachepera 8, ndi mtundu wina waufupi. Mapointi akachepa, 2♣ ndi yotheka pokhapokha ma club ali ochepetsetsa ndipo mitundu itatu inayo muli ndi anayi kapena kuposa, moti yankho lililonse munena pass. Mukakhala ndi ma heart kapena ma spade asanu, njira ndi ina, ya Jacoby transfer, imene Oswald Jacoby anaifalitsa mu 1956: 2♦ imauza mnzanu anene 2♥, ndipo 2♥ imamuuza anene 2♠, kuti dzanja lamphamvu likhale lobisika.

Chomaliza, chimene ndikupempha mukakambirane ndi mnzanuyo musanakhale patebulo lina. Tinene kuti mwafunsa 2♣ muli ndi makadi anu aja, iye wayankha 2♥. Ma heart muli ndi awiri okha, ndiye munena 3NT. Iye asangonena pass mwamsanga. Adzifunse kuti munafunsiranji, poti simungafunse mulibe mtundu wa anayi, ndipo ma heart mwawakana. Ndiye kuti muli ndi ma spade anayi. Ngati nayenso ali nawo anayi pambali pa ma heart aja, anene 4♠. Ngati alibe, 3NT ikhale.