Nsenjere yatalika, koma mkaka ukuchepa: yankho kwa mayi a ku Thyolo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Thyolo omwe ali ndi ng'ombe imodzi ya mkaka ya m'khola. Akuti nsenjere yawo yakula bwino mpaka kupitirira msinkhu wa munthu, ng'ombe ikudya mokwanira, koma mkaka ukungocheperachepera. Akufunsa ngati ng'ombeyo yadwala.

Mayi, zikomo polemba. Mlangizi wa ziweto aione ndithu, koma ine ndikukayikira udzuwo. Mukuchedwa kudula.

Nsenjere ikadali yanthete imakhala ndi masamba ambiri, ndipo chakudya chomanga thupi, chimene ng'ombe imapangira mkaka, chili m'masambamo. Ikapitirira mutu wanu imasanduka mapesi olimba ngati bango. Ng'ombe imakhuta, mimba n'kutukuka, koma zomwe yadyazo zimachedwa kugayika ndipo phindu lake n'lochepa. Taonani m'chodyeramo m'mawa: mukapeza mapesi otsala ambiri, masamba okha atabudulidwa, vuto ndi lomwelo. Zimandiwawa kwambiri chifukwa alimi ambiri amasunga udzu kuti utalike poganiza kuti akuchulukitsa chakudya.

Dulani ikafika pafupifupi mita imodzi, cha m'chiuno kapena kupitirira pang'ono. M'dzinja zimenezi zimatenga masabata 6 mpaka 8. Siyani chitsa cha masentimita 10 kuti iphukire msanga. Gawani mundawo m'zigawo, muzidula chigawo chimodzi chikatha china, kuti pobwerera koyambirira mupeze yaphuka kale. Yomwe yakhwima panopayi ichotseni yonse, musaimvere chisoni.

Musaiponye m'khola yathunthu. Iduleniduleni ndi chikwanje tizidutswa tosapitirira masentimita 5, apo ng'ombe siisankha. Yonyowa ndi mame muziiyanika kaye maola angapo kuti ifote.

Nsenjere payokha, ngakhale yanthete, sikwanira ng'ombe yokamidwa kawiri patsiku. Onjezerani madeya, mchere wa ziweto, masamba a mtedza otsala mukakolola, ndi lukina. Lukinayo asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka amadwalitsa. Madzi akhalepo usana ndi usiku.

China chomwe simunafunse koma ndichinene: udzu uwu ndi wadyera. Mukamangodula osabwezera kanthu, pakatha zaka zingapo umayamba kuonda ndi kuchita chikasu. Ndowe ndi mkodzo za m'khola zibwerere kumunda nthawi iliyonse mukadula, muzikwirira pakati pa mizere.

Mvula ikadalipo, bzalaninso chigawo china cha kufupi ndi dambo kuti chidzakuthandizeni mu Seputembala ndi Okutobala. Tengani phesi lokhwima la mfundo zitatu kuchokera pa tsinde lathanzi, mulizike chopendekera, mfundo ziwiri m'dothi, imodzi pamwamba. Mapesi okhwima amene muchotsewo ndiwo mbewu yake. Mudzandilemberenso pakatha mwezi mutayamba kudyetsa yanthete, ndimve mmene mkaka ukutulukira.