Musalipire boti la ku zilumba musanalione ndi maso

Mlongo wanga, popeza mukupita ku Zanzibar ndi ana awiri ndipo munthuyo wakulonjezani pa WhatsApp zilumba zitatu tsiku limodzi pa mtengo wotsika, ndikukupemphani kuti musamutumizire ngakhale ngwee imodzi. Ine zinandionekera mu Julayi chaka chatha, ndipo mpaka lero mwana wanga wamkazi amakana kuyandikira boti ngakhale ku Siavonga.

Tinakwera sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, makilomita 1,860 mpaka ku Dar es Salaam, ndipo pamene tinkawolokera ku Stone Town, mzinda wakale wa ku Zanzibar, thumba linali litapepuka kale. Madzulo ku Forodhani, paki ya m'mbali mwa nyanja mumzindawo, anatipeza mnyamata wina wa pakamwa pokoma, mmodzi wa aja eni dziko amawatcha papasi, natiuza kuti atiperekeza ku Prison Island ndi ku Nakupenda, nkhomaliro ya nsomba zootcha ili momwemo. Ndinalipira zonse usiku womwewo popanda lisiti.

M'mawa tinapeza boti lamatabwa la injini imodzi, losiyana kotheratu ndi la pa chithunzi. Tinalimo anthu 11, majekete oyandamitsa munthu pamadzi anali atatu okha, ndipo la msinkhu wa mwana panalibe. Tinapangana 8 koloko koma tinanyamuka itadutsa 11 koloko, chifukwa mnyamatayo ankasakabe anthu ena oti adzaze boti. Ku Prison Island, kumene kuli ndende yomangidwa mu 1893 imene sinasungepo akaidi, ndiponso akamba akuluakulu amene oyamba ake anachokera ku Seychelles mu 1919, anatiuza pachipata kuti ndalama yolowera tilipire tokha.

Chimene ife a kuno sitidziwa ndi chakuti nyanja ya mchere si Kariba. Madzi ake amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo Nakupenda si chilumba chenicheni, koma mulu wa mchenga umene umaonekera madzi akaphwa n'kumira madzi akabwerera. Mwini boti anatitsitsa pamenepo mochedwa, nanena kuti akukatenga chakudya. Maboti ena anayamba kuchoka limodzilimodzi, mchenga ukucheperachepera, mpaka tinaunjikana pa kamalo kosaposa bwalo la nyumba yathu ku Kabwata, zikwama zili pamutu, madzi akunyambita akakolo. Mwini boti uja anatulukira patapita maola awiri, chakudya alibe, kupepesa osapepesa.

Pobwerera m'pamene ndinaona imfa. Mphepo ya kum'mwera imene iwo amaitcha kusi inali itakula, mafunde akumenya boti cham'mbali n'kukhuthukira mkati, ndipo tili pakati pa madzi injini inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo anali atatha. Mnyamata wothandizira anayamba kukapa madzi ndi chigubu chodula, amake mwana akupemphera mokweza, ndipo mwana wanga wa zaka 6, amene tinamuveka jekete la munthu wamkulu lomufika m'mawondo, anandigwira pakhosi n'kundifunsa ngati ndimadziwa kusambira. Ndinamunamiza kuti ndimadziwa. Nyumba za Stone Town tinkaziona bwinobwino, koma boti linkatengeka kulowera kwina, ndipo foni ya mwini boti inalibe moto. Anatipulumutsa ndi asodzi amene anaona mayi wina akukupiza chitenje, natikoka ndi chingwe mpaka kumtunda dzuwa litalowa.

Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi chakuti mwini boti ameneyu, amene anabadwira pa nyanjayo ndipo amadziwa nthawi ya madzi kuposa wina aliyense, anaika moyo wa mwana wanga pachiswe pofuna kupulumutsa ndalama ya malita ochepa a petulo, ndipo titatsika anatambasulanso dzanja kupempha ya sopo. Wa pakamwa pokoma uja sitinamuonenso, ndipo nambala yake inasiya kugwira tsiku lomwelo.

Komabe sindikunena kuti muthamangire kulipira ku hotela, chifukwa mtengo wake ndi wokwera ndipo nthawi zina amakutumizani kwa eni maboti omwewo. Pitani nokha kugombe dzulo lake, mukambirane ndi mwini boti weniweni, muwerenge majekete ndi manja anu, muwayese pa ana, ndipo muone chigubu cha petulo wapadera. Mufunse kuti madzi aphwa nthawi yanji tsiku limenelo, popeza nthawiyo imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, mufunsenso ngati ndalama yolowera pa chilumba ili mu mtengowo. Lipirani theka, theka linalo mukabwerera, ndipo boti lisakusiyeni pa mchenga ngakhale atakupatsani chifukwa chotani. Wina akakulonjezani kutsika pa Mnemba dziwani kuti akunama, chifukwa chilumbacho chili ndi eni ake ndipo alendo wamba amangosambira m'madzi ozungulira.

Ku Nakupenda pitaniko ndithu, chifukwa madzi oyera ngati amenewo sindinawaonepo kwina kulikonse, koma zilumba zitatu zichepetseni zikhale ziwiri, munyamuke m'mamawa, ndipo ngati ulendo wanu uli pakati pa Juni ndi Seputembala mukhale mutabwerera kumtunda mphepo ya masana isanayambe.