Ine probability inandigwaditsa pa simenti

Mayi, inu amene mwana wanu walakwa funso la probability (masamu a mwayi woti chinthu chichitike), musafulumire kumunena mwanayo kuti ndi waulesi. Yambani mwaona kaye kope lake kuti aphunzitsi anamulembetsa chiyani, chifukwa ine mutu womwewu unandiliza ndili Fomu 2.

Anali masana, m'kalasi mukutentha ngati mu uvuni. Aphunzitsi a masamu analemba pa bolodi kuti ukaponya makobidi awiri, mwayi woti limodzi ligwe head linalo tail ndi wotani. Anayankha okha kuti 1/3, ati zotheka n'zitatu basi: ma head awiri, ma tail awiri, kapena head ndi tail. Ine ndinakweza mkono mwaulemu ndithu, n'kunena kuti sala, zotheka n'zinayi, chifukwa khobidi loyamba likhoza kugwa head lachiwiri tail, komanso loyamba tail lachiwiri head, ndiye yankho ndi 2/4, yomwe ndi 1/2. M'kalasi munangoti zii. Bambo aja anandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kumutu, n'kundiponyera choko pa desiki. Ati tabwera uphunzitse iweyo poti wakula nzeru. Anzanga onse phwa kuseka. Anandigwaditsa kutsogolo manja m'mwamba mpaka belu, simenti yake yokumbikakumbika, timiyala tikulowa m'maondo, misozi ikutsikira pa yunifolomu. Poweruka anandipatsa chikwanje kuti ndikatchetche kuseri kwa zimbudzi. Mayeso a teremu atabwera funso lomwelo linalipo, ine n'kulemba 1/2, iwo n'kuthetha ndi bolopeni yofiira mpaka pepala kubooka.

Mpaka lero zimandiwawa. Munthu wamkulu, wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, kukanika kungotulutsa makobidi awiri m'thumba kuti tiyese tonse? Chinawapweteka n'choti wawatsutsa ndi mtsikana, basi. Ndipo ana onse a m'kalasi muja anapita kwawo ndi 1/3 m'makope. Aphunzitsi otere ndi amene amachititsa ana kudana ndi masamu, kenako makolo tizingotaya ndalama ku ma part time.

Ndiye inu chitani izi madzulo ano. Tengani makobidi awiri osiyana, la K5 ndi la K10, kuti mwanayo aziona kuti lililonse likugwa palokha. Aziponya, azilemba. Akaponya kambirimbiri aona yekha kuti limodzi likugwa head linalo tail pafupifupi theka la maulendo onse. Poyamba zikhoza kupendekera mbali imodzi, asadandaule, zimawongoka akamapitiriza.

Kenako nyemba. Ikani zofiira 3 ndi zoyera 5 m'kathumba, mumufunse mwayi wotola yofiira. Ana ambiri amalemba 3/5, pamene pansi pamayenera kukhala nyemba zonse, ndiye 3/8. Apa ndi pamene ambiri amagwera. Dayisi ya ludo nayonso imathandiza: kupeza 6 ndi 1/6, kupeza nambala yogawika ndi 2 ndi 3/6. Adziwenso kuti yankho silipitirira 1. Chosatheka ndi 0, chotsimikizika ndi 1, akapeza 8/3 ndiye kuti watembenuza. Koma musagwiritse ntchito chitsekerero cha botolo m'malo mwa khobidi, mbali zake sizifanana, sichipereka 1/2.

China, khobidi silikumbuka. Ngakhale ligwe head kasanu motsatizana, ulendo wotsatira mwayi wa tail ukadali 1/2. Anyamata a beting'i akanamva zimenezi bwenzi ndalama zawo zili m'thumba.

Koma chonde mumuuze asamatsutsane ndi aphunzitsi pagulu, zilibe phindu. Akaona kuti aphunzitsi alakwitsa angokhala chete, alembe zimene akufunazo kuti akhoze mayeso a m'kalasi, zoona azisunge mumtima kudikira JCE, poti kumeneko amachonga ndi anthu ena a MANEB. Komanso aphunzitsi ambiri amadziwa ntchito yawo, mwina mwana wanuyo sakumvetsera chabe, ndiye muzimukhwimitsirako malamulo pa nkhani ya foni. Jambulani funso limene analakwalo muliike pano tione pamene pavuta.