Mwininyumba wadya ndalama za madzi, mpopi wauma: ndisiye kulipira lendi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu ku Angónia, amene pano akuchita lendi ku Matundo, mumzinda wa Tete. Akuti pampanda pomwe akukhala pali mabanja anayi, mpopi ndi umodzi wa panja, ndipo mita ili m'dzina la mwininyumba. Mwezi uliwonse banja lililonse limapereka ya madzi pamwamba pa lendi. Masabata atatu apitawo kunabwera anthu a kampani ya madzi n'kudula, ati pali ngongole ya miyezi ingapo. Atafunsidwa, mwininyumba anangoti amene akufuna madzi asonkhe, amene sakufuna khomo ndi ilo. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi ndingasiye kulipira lendi mpaka madzi atabwera? Nanga lamulo likuti chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri. Munthu amene sanakhaleko ku Tete m'mwezi wa Okutobala sangamvetse chimene mukudutsamo. Kutentha kumapitirira madigiri 40, Zambezi mukumuona ndi maso ali pompo, koma m'nyumba mulibe ndi dontho lomwe. Kwathu ku Ulongué munthu atha kugona osasamba chifukwa cha kuzizira, koma ku Matundo zimenezo sizitheka, makamaka muli ndi ana.

Ndiyambe ndi chimene simuchikonde: lendi musasiye kulipira. Mlanduwu uli mbali yanu, ndipo njira yachangu youtaya ndi imeneyo.

Nkhani za lendi kuno ku Mozambique zimatsamira kwambiri pa Código Civil, buku la malamulo la 1966 limene Apwitikizi anatisiyira ndipo likugwirabe ntchito. Ndime 1031 imapatsa mwininyumba maudindo awiri: kukupatsani nyumbayo, komanso kuonetsetsa kuti mukuigwiritsa ntchito pa cholinga chimene munaibwerekera. Inu munabwereka nyumba yokhalamo anthu, yokhala ndi mpopi, ndipo ya madzi mumapereka. Ndiye madziwo si chifundo cha mwininyumba ayi, ndi gawo la pangano. Ndime 1037 imawonjezera kuti mwininyumba asachite zinthu zokulepheretsani kapena kukuchepetserani kugwiritsa ntchito nyumbayo, ndipo imakulolani kumutengera kukhoti iye mwini akakusokonezani. Tsono mawu aja akuti "khomo ndi ilo" ndi phokoso chabe. Ndime 1047 imati mwininyumba akafuna kuthetsa pangano ponena kuti wa lendi walakwitsa, ndi khoti limene liyenera kugamula. Iye payekha alibe mphamvu yokutulutsirani katundu panja, kusintha loko, kapena kukuumitsani ndi ludzu kuti muthawe nokha.

Koma buku lomwelo, pa ndime 1038, limati udindo woyamba wa wa lendi ndi kulipira lendi. Mukangosiya, mwamupatsa mwininyumba chifukwa chimene analibe. Lero iye ndi munthu amene wadya ndalama za madzi za mabanja anayi. Mukadumphitsa miyezi iwiri, iye asanduka wodandaula, inu wangongole, ndipo pamaso pa akuluakulu nkhani ya mpopi iyamba kumveka ngati chodzikanira.

Chimene lamulo limakupatsani ndi kutsitsa lendi, osati kuileka. Ndime 1040 imati ngati mwalephera kugwiritsa ntchito nyumba mokwanira pa chifukwa chosachokera kwa inu kapena a m'banja mwanu, lendi iyenera kutsika molingana ndi kukula kwa vutolo ndi nthawi imene latenga. Pali kamsampha kamodzi. Ngati vutolo silinachokere kwa mwininyumba, mwachitsanzo chigumula chonga chija cha namondwe Ana chimene chinagwetsa mlatho wa Revúbuè mu Januwale 2022 chitawononga mapaipi, lendi imatsika pokhapokha vutolo litapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a nthawi ya pangano. Pa pangano la chaka chimodzi, imeneyo ndi miyezi iwiri. Kwa inu kamsamphaka sikagwira, chifukwa madzi sanadulidwe ndi mvula, anadulidwa ndi ngongole ya mwininyumba. Komabe musangodula ndalamazo mwakachetechete tsiku lolipira. Mulembereni kalata, nenani kuti madzi anasiya tsiku lakuti, mukugula zigubu zingati patsiku ndi pa mtengo wanji, ndipo mukupempha kuti lendi itsike ndi ndalama zakuti. Sungani kope.

Apa ndiye pamene ambiri timagwera: mapepala. Zaka zapitazo ndinkachita lendi ku Moatize, ndipo mwininyumba wathu atakangana ndi mnyamata wina wa chipinda chakumapeto, anangomanga mpopi ndi tcheni n'kuikapo loko, kiyi m'thumba. Tonse tinalangidwira limodzi. Ndimakumbukira mayi wina woyandikana nane akutsuka mbale m'madzi a m'beseni lomwe anasambitsiramo mwana, kenako madzi omwewo n'kukathira kuchimbudzi. Titapita kwa sekeretariyo wa bairo, mwininyumba anati palibe amene ankamupatsa ya madzi. Ine ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa ndinkapereka pamanja, popanda risiti, pomudalira ngati bambo. Amene anatipulumutsa ndi mayi uja. Anali ndi kakope ka ana asukulu, kakuda ndi utsi, momwe ankalemba tsiku ndi ndalama, ndipo mwininyumba ankasaina pambali monyinyirika. Loko anachoka madzulo omwewo.

Ndiye inu fufuzani lero. Ngati munkatumiza pa M-Pesa kapena e-Mola, mauthenga aja musafufute, ajambuleni. Ngati munkapereka pamanja, mabanja atatu enawo ndi mboni zanu, ndipo inu ndinu mboni yawo. Kuyambira mwezi uno, khobiri lililonse lizidutsa pafoni kapena pakope losainidwa. Pangano la pakamwa sindiye kuti palibe pangano, kungoti limafuna umboni wambiri.

Nanga madziwo abwera bwanji, poti kalata sitsegula mpopi? Ndime 1036 ndiyo imathandiza apa. Imati mwininyumba akamazengereza kukonza chinthu kapena kulipira ndalama zimene ndi udindo wake, ndipo nkhaniyo ndi yachangu moti singadikire khoti, wa lendi atha kuchita yekha n'kubwezeredwa ndalama zake. Ine ndikanakhala inu, ndikanasonkhanitsa mabanja onse anayi, kutenga nambala ya mita kapena fatura (bilu ya madzi) yakale, kupita ku ofesi ya madzi kukamva kuti ngongole yeniyeni ndi zingati, pamodzi ndi ya kulumikizanso. Musamve za mwininyumba, kaoneni chiwerengero ndi maso anu. Mukaganiza zolipira, lipirani nokha pa kauntala ndi kutenga risiti. Ndalama zosonkhazo zisadutsenso m'manja amene anadya zoyamba zija. Musanalipire, mudziwitseni m'kalata kuti mukulipira ngongole yake ndipo mudzafuna ndalamazo zichotsedwe pa lendi, ndipo kuchotserako kugwirizanidwe pamaso pa mboni.

Ku ofesi ya madzi musapite ndi mkwiyo. Kampani imene ambiri timangoitchula kuti FIPAG, dzina la bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1998, imadziwa munthu amene dzina lake lili pa kontrakiti ya mita. Inu sikudziwani. Kwa iyo ngongole ndi ngongole. Zikanakhala kuti madzi adulidwa pamene fatura zonse zinalipiridwa, kapena akukulipiritsani madzi amene simunagwiritse ntchito, bwenzi ndikuti kadandauleni kaye ku kampaniko molemba, ndipo zikakanika pitani ku bungwe loyang'anira ntchito za madzi, lomwe ladziwika ndi maina a CRA ndi AURA. Lamulo loteteza ogula, la nambala 22/2009, limakhudzanso ntchito zotere. Koma yanuyi ndi ina.

Chinthu chimodzi ndikuletseni ndithu. Pabwera mnyamata wina ndi sipanala usiku n'kunena kuti atha kukulumikizirani pa ndalama zochepa. Mukaneni. Kulumikiza mwachinyengo ndi kuba madzi, kumabwera ndi chindapusa, ndipo mwininyumba adzakhala woyamba kuloza chala pakhomo panu.

Za kokadandaula, yambani pafupi: mkulu wa kwaterawo (kachigawo ka bairo), kenako sekeretariyo wa bairo. Nkhani zambiri zotere zimathera pamenepo, chifukwa mwininyumba safuna kuti bairo yonse imve kuti anadya ndalama za madzi za ana a anthu. Kuli makhoti a m'madera, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 4/92, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa anthu. Zikakanika, pitani ku IPAJ, bungwe la boma lopereka thandizo la zamalamulo kwaulere kwa anthu osakwanitsa kulipira loya. Tengani makalata anu, marisiti ndi zithunzi za mpopi. Afunseni za "providência cautelar", limene ndi pempho lachangu loti khoti lilamule chinthu mlandu waukulu usanathe. Kupolisi nthawi zambiri angokuuzani kuti za lendi si zawo, koma akayamba kukuopsezani kapena kugwira katundu wanu, thamangirani ku esikwadira tsiku lomwelo.

Ena pa Facebook akuuzani kuti madzi ndi ufulu wachibadwidwe. N'zoona, bungwe la United Nations linavomereza zimenezo mu Julayi 2010. Koma mawu amenewo sakakamiza kampani kupereka madzi aulere pa mita ya ngongole, ndipo sindinaonepo mwininyumba akuchita nawo mantha. Chimene amachiopa ndi mabanja anayi atabwera limodzi, kalata ili m'manja, sekeretariyo ali pambali.

Mukaona kuti munthuyu sasintha, ndime 1050 imakulolani inu kuthetsa pangano ngati mwalandidwa mwayi wogwiritsa ntchito nyumba pa chifukwa chosachokera kwa inu, kapena ngati nyumbayo ili ndi vuto loika moyo ndi thanzi pachiswe. Mabanja anayi, chimbudzi chimodzi, opanda madzi, mvula ili pafupi ndipo kolera timamudziwa kuno, imeneyo si nkhani yovuta kufotokoza. Mukasankha kutsala, pemphani kuti fatura izionetsedwa kwa onse mwezi uliwonse, ndipo mmodzi wa inu a lendi ndiye azikalipira. Mundilembere mundiuze zimene akakuuzeni ku ofesi ya madzi, makamaka kuchuluka kwa ngongoleyo.