Zija mwafunsa za nyama za mufilimu, Anti

Anti mwaswera bwanji, voice yanu ija ndaimvera, ndangoti ndiyankhire pagulu pompano kuti enanso amve. Mwafunsa za filimu imene mdzukulu wanu walira nayo dzulo, Guardians of the Galaxy yachitatu ija ya 2023, kuti kodi tinyama tija anatitsekeradi mmakhola nkumatidula, komanso ngati nkoyenera kungomuletsa mafilimu amenewa.

Choyamba mtima pansi Anti, palibe kanyama kanadulidwa pamenepaja. Kanyama kotchedwa Rocket kaja, katumbu uja, kalulu wa miyendo yachitsulo uja, zonse nzapakompyuta. Pojambula pamakhala munthu, Sean Gunn, mng'ono wake wa dayilekita James Gunn, iyeyo amayenda chonyonyomala kuti anzakewo adziwe poyang'ana akamalankhula ndi Rocket, kenako akatswiri amamufufuta nkuikapo kanyamako, ubweya, misozi, chilichonse, mawu okha ndi a Bradley Cooper. Ndiye zopweteka zija anachita dala, amafuna tione mmene nyama zoyeserapo zinthu mma labu zimakhalira, zopanda ndi dzina lomwe, nambala basi. Inenso pamene tinyama tija tikudzipatsa mayina titagona mukhola, misozi inalengeza, sindinama.

Koma funso lanu si lachabe ayi, chifukwa kale nkhanza zinaliko zenizeni. Pojambula filimu ya Jesse James ya 1939 anagwetsa hatchi kuchokera paphompho kugwera mmadzi, hatchiyo inafa, anthu ku America anakwiya kwambiri moti kuyambira 1940 bungwe la American Humane linayamba kumatumiza anthu ake kukayang'anira pojambula. Mawu aja amadutsa kumapeto kwa filimu, ife titadzuka kale kukatsuka mbale, onena kuti palibe nyama yomwe yavulazidwa, ndi a bungwe limeneli.

Tsono apa mpamene ine mtima wanga sukhazikika. Mawuwo amanena za nthawi imene akujambula, nanga nyamayo ikaweruka imakagona kuti, imadya chani, akuisamala ndani? Mu 2012 anthu amene ankasamala ziweto za filimu ya The Hobbit ku New Zealand anaulula kuti nyama 27 zinafa, mahatchi, mbuzi, nkhosa, nkhuku, osati pa kamera ayi koma kufamu kumene ankazisunga, malo a maenje ndi zigwembe. Eni filimu anakana zoti ankazunza nyama, koma taonani, pa kamera zonse zinali bwinobwino pomwe imfa zikuchitikira kukhola. Nchifukwa chake ine pa mkangano wathu uja ndi anzanga okonda ma superhero, ena amati zapakompyuta zimaoneka zabodza bola nyama yeniyeni, ine ndimati ayi, bola zioneke zabodzako pang'ono koma hatchi ikhale moyo. Zipembere zija za mu Black Panther palibe anadandaula kuti si zenizeni, tonse tinkangokuwa.

Sikuti nyama yeniyeni siingasewere bwino. Mphaka uja wa mu Captain Marvel, Goose, anali amphaka anayi ophunzitsidwa akusinthana, wina wodziwa kukhala phee, wina wolola kunyamulidwa, ndipo pofika pa zoopsa amaikapo wapakompyuta. Zimenezo ine ndilibe nazo vuto. Koma imene inandikhudza kwambiri ndi ya Krypto, galu wa mu Superman ya 2025. Galuyo ngwapakompyuta, koma anamutengera kwa galu weniweni wa James Gunn dzina lake Ozu, amene anamupulumutsa pakhomo pena pomwe anaunjika agalu ambirimbiri osawasamala. Atafika naye kunyumba galuyo sankafuna nkukhudzidwa komwe, kutafuna nsapato, kuwononga mipando, ndiye kupulupudza konse kuja mumaona mufilimu nkwa galu amene anakula osamudziwa munthu wachifundo.

Za kumuletsa, ine ndingati musamuletse onse, koma yachitatu ija inamukulira. Anailemba kuti ndi ya oyambira zaka 13, iye sanafike nkomwe 10, ndiye ena inu apagulu pano mukamaika filimu pa fulashi muziyamba mwaona kaye. Koma kulira kwakeko musamuseke kapena kumuuza kuti mwamuna salira, mwanayo ali ndi mtima wabwino. Mungomufotokozera kuti Rocket sanapwetekedwe, komano nzoona kuti kuli nyama zimene zimavutika choncho, asaganize kuti analirira zachabe.

Ndipo Anti mundikhululukire ndinenepo ichi, mwanayo adzayamba kufunsa za galu wathu wakuseri uja, amene amaswera pa tcheni dzuwa lonse la ku Area 25, mbale ya madzi itagubuduzika. Tcheni chija chayamba kumudya pakhosi, ndinaona ubweya wathothoka. Timusunthire pansi pa mango paja, madzulo azimasulidwa, ndipo katemera wa chiwewe a LSPCA, bungwe losamala nyama ku Lilongwe, amabaya, ndifunsa tsiku. Tiana tagalu tija amagulitsa mmbali mwa msewu tisagule ngakhale alire bwanji, tambiri amatichotsa kwa make tisanasiye kuyamwa.

Loweruka ndibwera kudzamutenga tipite ku Lilongwe Wildlife Centre kumene amasamala anyani amene anapulumutsidwa kwa anthu owaweta pa chingwe, ya transipoti ndi yolowera pageti ndilipira ndine, inu mungomukonzera kabotolo ka madzi.