Mayeso osankha A, B, C kapena D pa masamu: mwana akudziwadi, kapena akungolotera?

Mayi wina wa ku Ulongwe wanditumizira funso pa imelo. Mwana wawo wamkazi ali mu kalasi 11, ndipo aphunzitsi a masamu ayamba kupereka mayeso osankha yankho limodzi mwa anayi. Malikisi akubwera abwino. Koma mayiwo atamuuza kuti awerengere phindu la matumba a mbatatesi amene anagulitsa, atachotsera za feteleza ndi za galimoto, mtsikanayo anangoti kakasi. Mayiwo akufunsa ngati mayeso amtunduwu akuthandiza ana kapena akuwapusitsa.

Amayi, choyamba musawakwiyire aphunzitsiwo. Mayeso a boma a kalasi 12 muno m'Mozambique amabwera motero, mafunso 40 a masamu, lililonse ndi mayankho anayi. Mayeso olowera ku Universidade Eduardo Mondlane nawonso ndi osankha yankho. Mphunzitsi amene sakuzoloweza ana njira imeneyi akuwaponya m'madzi asanawaphunzitse kusambira.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Mphunzitsi wa makalasi angapo odzaza amachonga msanga, ana n'kulandira zotsatira nkhaniyo isanazirale. Pepala limodzi likhoza kukhudza mitu yonse ya chaka. Ndipo chilembo B ndi B basi, kaya mwanayo ndi wa mfumu, kaya zolemba zake n'zokhotakhota, kaya wochongayo wadzuka ndi mutu. Kukondera kumachepa, ndipo ine zimenezi sindizipeputsa.

Vuto limayamba tikawerengera. Funso likakhala ndi mayankho anayi, wolotera amapeza pafupifupi limodzi pa mafunso anayi alionse. Pa mafunso 40, ndiye kuti pafupifupi 10, omwe ndi malikisi 5 mwa 20, kwa munthu amene sanatsegulepo buku. Tsono taganizirani mwana amene akudziwadi mafunso 14 okha. Otsala 26 aja akalotera, apezapo 6 kapena 7. Wafika pa 20, theka la pepala, malikisi 10 aja amene tonse timawapempherera. Komatu zimene akudziwa zangopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Mwina apa ndi pamene pagona nkhani ya mwana wanu, amayi.

Palinso kanjira kachidule kamene ana ochenjera amakatulukira okha. Tinene kuti funso ndi x² − 5x + 6 = 0, ndipo pansi pali manambala oti asankhe. Safunika kudziwa njira yothetsera funsolo. Amangotenga 2 n'kumulowetsa: 4 kuchotsa 10 kuphatikiza 6, yatuluka 0, wachonga, wapita. Nzeru imeneyi si yoipa, ndipo m'chipinda cha mayeso ndingamuuze mwana aliyense kuti aigwiritse ntchito nthawi ikathina. Koma pa msika wa Ulongwe palibe amene angakuyalireni mayankho anayi a phindu la mbatatesi kuti muyese limodzilimodzi. Funsolo mumalipanga nokha, n'kuliyankha nokha. Luso limenelo mayesowa saliyesa n'komwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mwana wakhama. Wayenda njira yonse molondola, mizere isanu ndi umodzi, kenako kumapeto waiwala kachizindikiro kochotsera. Pa mayeso olemba, mphunzitsi akanaona njirayo n'kumupatsa malikisi ambiri a funsolo. Apa amapeza ziro, chimodzimodzi ndi mnzake amene anagona pa desiki. Mphunzitsinso sadziwa pamene mwana anapunthwa. Kwathu kuno zimenezi n'zazikulu, chifukwa ana ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amakula akulankhula Chichewa, pomwe mafunso amabwera m'Chipwitikizi. Mwana akachonga C molakwa, kodi walephera masamu, kapena sanaone kamawu koti "não" (kutanthauza "ayi") pakati pa chiganizo? Chilembo chokha sichingakuuzeni. Zolemba zake zikanaulula.

Za kubera sindinena zambiri. Kuonera chilembo kwa mnzako kapena kuuzana ndi zala n'kosavuta kusiyana ndi kukopera tsamba lathunthu.

Komabe funso losankha likapangidwa mwaluso limaphunzitsa. Tengani 1/2 + 1/3. Yankho ndi 5/6. Mphunzitsi wodziwa ntchito amaika dala 2/5 pa mndandanda, chifukwa ndi pamene amagwera mwana wophatikiza manambala apamwamba paokha ndi apansi paokha. Amaikanso 1/6, ya amene wachulukitsa m'malo mophatikiza. Theka la kalasi likasankha 2/5, mphunzitsi wadziwa pompo chimene ayenera kubwereza mawa. Kungoti kupanga mafunso otere kumadya nthawi kuposa kuchonga, ndipo amene amangotola mafunso m'mapepala a zaka zapitazo saona phindu limeneli. Nthawi imene mphunzitsi wapulumutsa pochonga ayenera kuilipira pokonza mafunso.

Maganizo anga ndi awa: mayeso osankha akhale a kumapeto, pamene boma likufuna kuyesa ana ambirimbiri nthawi imodzi, komanso a apo ndi apo pozoloweza. Mayeso a m'kati mwa chaka, amene cholinga chake n'kuona pamene mwana wafika, ambiri akhale olemba njira yonse. Ngati n'kosatheka, pali njira yapakati: mwana asankhe chilembo, koma apereke pamodzi ndi pepala limene amawerengerapo, ndipo yankho lopanda njira lisalandire malikisi onse. Zimenezi mukhoza kukazipempha mwaulemu pa msonkhano wa makolo, ndipo sizifuna ndalama.

Kunyumba, tengani pepala la mayeso limene mwana wanu anakhoza bwino. Phimbani mayankho anayiwo ndi dzanja, mumuuze ayankhe funsolo pa pepala loyera, kwinaku akukufotokozerani m'Chichewa chimene akuchita pa mzere uliwonse. Simufunika kudziwa masamu a kalasi 11 kuti mumve ngati munthu akudziwa zimene akunena. Akakhoza mafunso ambiri mayankho ataphimbidwa, malikisi aja ndi akedi, ndipo za mbatatesi zija zangofunika kuzolowera. Akamangoyang'ana dzanja lanu kuti mulichotse, kawonaneni ndi aphunzitsi chaka chino, asanalowe kalasi 12.